Kakonzedwe ka bwato la IOM kuti liziyenda mowongoka pa mpikisano

Bwato la IOM (International One Metre) ndi kabwato ka matanga ka mpikisano koyendetsedwa ndi rimoti, ndipo lilibe injini. Rimoti imagwira ntchito ziwiri zokha: kukhotetsa chiwongolero, ndi kukoka kapena kumasula zingwe za matanga. Zina zonse mumakonzera kumtunda, ndipo cholinga chake n'chimodzi: bwato likamakwera mphepo (kulowera chakomwe mphepo ikuchokera) liziyenda lokha mowongoka, chala chanu chili phee. Chiwongolero chikapindika chimagwira ngati buleki.

Yambani ndi sikelo. Malamulo a IOM, omwe anakhazikitsidwa mu 1988, amati bwato lisapitirire mamilimita 1,000 m'litali ndipo lisachepere makilogalamu 4. Chipsepse cha pansi pamodzi ndi mtovu wake zilemere pakati pa magalamu 2,200 ndi 2,500, kuya kwa bwato m'madzi kusapitirire mamilimita 420. Apa pali nzeru yonse ya kamangidwe. Mtovu ndi umene umadzutsa bwato mphepo ikaligoneka, choncho chipsepse chifike pafupi ndi magalamu 2,500. Otsala 1,500 ndi a thupi la bwato, mlongoti, matanga, winchi yokoka zingwe za matanga, servo (kamota kokhotetsa chiwongolero) ndi batire. Thupi likhale la matabwa opepuka kapena fibreglass, chifukwa carbon ndi yoletsedwa pathupi ngakhale imaloledwa pachipsepse. Bwato likapepuka kuposa muyeso, onjezerani timitovu pansi penipeni, pafupi ndi chipsepse, osati kumphuno kapena kumbuyo.

Kenaka liyandamitseni pamadzi odekha. Kumbuyo kwake kuzingokhudza madzi. Kukamira, sunthirani batire kutsogolo. Mukalitulutsa, imani kumbuyo kwake n'kuyang'ana ndi diso limodzi: mlongoti, chipsepse ndi chiwongolero zikhale pamzere umodzi. Bwato lothamanga mphepo ikachokera kumanja koma laulesi ikachokera kumanzere kawirikawiri limakhala ndi chipsepse chopotoka, kapena zingwe za m'mbali mwa mlongoti sizinakungike mofanana.

Tsopano matanga. Winchi ikakoka mpaka pamapeto, ndodo ya m'munsi mwa thanga lalikulu itsale mamilimita pafupifupi 10 kuchokera pamzere wapakati, ndipo ya thanga lakutsogolo itseguke kwambiri kuposa apo, nsonga yake ikhale pafupifupi mamilimita 60 kuchokera pakati. Mpata wa pakati pa matanga awiriwa ndi wofunika zedi. Ukachepa, mphepo yochoka kutsogolo imamenya kumsana kwa thanga lalikulu, thangalo n'kuyamba kufufuma pafupi ndi mlongoti. Ukakula, bwato silikweranso mphepo bwino.

Liikeni m'madzi, likwere mphepo, ndipo chotsani chala pachiwongolero. Ngati likutembenukira kumphepo mwamphamvu mpaka matanga kukupiza, mphamvu ya matanga yachulukira kumbuyo: pendeketsani nsonga ya mlongoti kutsogolo mamilimita 2 kapena 3, pofupikitsa chingwe chakutsogolo ndi kumasula chakumbuyo. Ngati likuthawa mphepo, bwezerani mlongoti kumbuyo. Labwino ndi lomwe limayenda mamita angapo mowongoka kenaka n'kumakwerera mphepo pang'onopang'ono lokha. Sinthani chinthu chimodzi basi nthawi iliyonse, n'kulemba muyeso wake. Mukasintha zitatu pamodzi, simudzadziwa chomwe chathandiza.

Ambiri amakunga thanga lalikulu mopitirira, poganiza kuti kulimba ndiko liwiro. Ayi ndithu. Mphepo ya pamwamba ndi yamphamvu kuposa ya pafupi ndi madzi ndipo imafika pathanga chapambali, choncho kumtunda kwa thanga kuyenera kutseguka pang'ono kuposa kumunsi. Chimene chimalamulira zimenezi ndi kicker, kachitsulo kokokera ndodo pansi. Theka la kupotokola kwake limasintha kale kayendedwe. Mukayang'ana kuchokera kumbuyo, m'mphepete mwa matanga onse awiri mupindike mofanana. Mphepo ikakula, kungani chingwe chakumbuyo kuti mlongoti upindike ndipo thanga liphwe mimba. Makwinya ochokera kunsonga ya ndodo kukwera chapakati pa mlongoti akaoneka, mwakunga mopitirira.

IOM ili ndi misinkhu itatu ya matanga. Mphuno ikayamba kulowa m'madzi potsika ndi mphepo, chiwongolero n'kutuluka m'mwamba, kapena bwato likamakana kutembenuka, ikani matanga ocheperapo musanayambe mpikisano wotsatira.

Madzi olowa m'kati amapha servo msanga. Pakani girizi mupaipi ya chiwongolero, matani zotsekera zatsopano pamabowo a pamwamba, ndipo khuthulani madzi mukatha mpikisano uliwonse. Mukachoka pamadzi amchere, tsukani zonse ndi madzi abwino n'kusiya bwato lotsegula kuti liume. Waya wolandirira rimoti ya 2.4 GHz akhale m'mwamba pansi pa denga la bwato, chifukwa madzi ndi carbon zimatchinga mafunde a wailesi.

Pamadzi, bwato lomwe mphepo ikulifikira kumanzere limapatukira lomwe ikulifikira kumanja. Appendix E, gawo la malamulo a bungwe la World Sailing lokhudza mabwato a rimoti, imati dera lozungulira chizindikiro choyandama chokhoterapo, momwe malamulo opatsana malo amagwira ntchito, ndi utali wa mabwato anayi. Mukagunda mnzanu molakwa kapena kukhudza chizindikirocho, tulukani pagulu mwamsanga, muzungulire kamodzi pamalo popanda mabwato ena, kenaka mubwerere mumpikisano.