Momwe mungachitire kuti Wi-Fi isamaduke mukamayenda pa loji, pasukulu kapena pa ofesi

Mayi wina amene ali ndi loji ku Area 47 anandiitana mu Januwale, mvula ili pachimake. Anali atagula marauta atatu: ina inali pa resepishoni, ina m'khonde la zipinda, ina ku chitenje kumene alendo amadyera. Dandaulo lawo linali limodzi. Mlendo akayamba kuyimba pa WhatsApp ali pa resepishoni n'kuyamba kuyenda kupita kuchipinda, mawu amayamba kuduka, kenako zii. "Achimwene, kodi ndigule yachinayi?" anandifunsa. Ndinati, "Mayi, musagule kanthu kaye. Mundilole ndiyende m'loji muno kwa ola limodzi."

Zimandiwawa kuona anthu mu Lilongwe muno akuthira ndalama pa marauta atsopano pomwe vuto lili pa kasamukidwe ka foni kuchoka pa rauta ina kupita pa inzake. Zimenezi mungathe kuziyeza nokha, ndipo zambiri mungazikonze osagula chilichonse.

Choyamba, mvetsani amene amalamula

Mukakwera minibasi ku Area 25 kupita ku Tauni mukuyankhula pa foni, mumadutsa nsanja zingapo za netiweki koma simudziwa n'komwe. Pa 4G ya TNM kapena Airtel, foni yanu imayeza mphamvu ya nsanja zimene zaizungulira n'kumauza netiweki, ndipo netiwekiyo ndi imene imalamula kuti tsopano samukira pa nsanja iyi. Akatswiri amakutcha kusamukaku handover.

Pa Wi-Fi si choncho. Foni kapena laputopu imasankha yokha nthawi yosamuka. Rauta ingathe kuinyengerera, ingathenso kuithamangitsa, koma siingaigwire dzanja n'kuipititsa kwina. Ndipo mafoni ambiri ndi okakamira: amagwiritsitsa rauta imene anayamba nayo mpaka mphamvu itatheratu, ngakhale ina yabwino ili pamwamba pa mutu wanu. Kampani ya Apple inalemba poyera kuti iPhone siyamba n'komwe kufunafuna kwina mpaka mphamvu itatsika kufika pa -70 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya Wi-Fi imene foni ikulandira), ndipo ngati mukuigwiritsa ntchito imasamuka pokhapokha yapeza ina yoposa ndi 8 dB (dB ndi kusiyana kwa mphamvu ziwirizo). Ntchito yanu yonse ndi kukonza malo kuti foni ikafuna kusamuka ipeze kolowera msanga.

Gawo loyamba: yendani ndi pepala

Jambulani mapu a nyumba yanu papepala, ngakhale okhotakhota. Lembanipo pamene pali rauta iliyonse, makoma a njerwa zootcha, zitseko zachitsulo, thanki ya madzi ndi mitengo ikuluikulu. Pa foni ya Android ikani pulogalamu ina iliyonse ya mtundu wa WiFi Analyzer imene imaonetsa mphamvu mu dBm. Timizere tinayi tija ta pamwamba pa foni musatikhulupirire, foni iliyonse imatiwerengera mwa njira yake.

Manambala ake amayamba ndi chizindikiro chochotsera, ndiye nambala ikakhala yaing'ono ndi pamene mphamvu ili yambiri. Pa -50 muli bwino kwambiri. Pa -67 ndi malire amene amisiri ambiri amatsata ngati mukufuna kuti mawu azimveka bwino. Pa -80 mungotsegula uthenga movutikira. Dziwaninso kuti kutsika ndi 3 dB kokha ndiye kuti mphamvu yachepa ndi theka, ndipo kutsika ndi 10 dB ndiye kuti yatsala gawo limodzi mwa magawo khumi.

Imani pa khomo la chipinda chilichonse, mkati mwake, pa makona a khonde ndi pa masitepe, n'kumalemba mphamvu ya rauta iliyonse imene mukuiona. Chimene mukufuna ndi ichi: pamene rauta yoyamba yafika cha pa -67, yachiwiri ikhale itayamba kale kumveka pa -67 kapena kuposa. Pakakhala malo amene zonse zili pa -78, mwapeza dzenje. Ku loji kuja dzenje linali pa kona pamene khonde limakhota, kuseri kwa khoma lokhuthala la stoo.

Kenako yezani kuduka kwenikweni. Tengani laputopu, tsegulani Command Prompt, lembani ping -t kenako adiresi ya rauta yanu yaikulu; ping imatumiza kauthenga ku rauta n'kuona ngati yayankha. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Muzichita ping ku rauta osati ku Google, kuti vuto la kampani imene imakugulitsani intaneti lisasakanikirane ndi la m'nyumba mwanu. Yendani pang'onopang'ono laputopu ili m'manja, n'kumaika chizindikiro pa mapu paliponse pamene yalemba kuti Request timed out. Windows imatumiza kamodzi pa sekondi, choncho kuduka kwakung'ono imakuphonya. Pa Mac kapena Linux lembani ping -i 0.2 kuti izitumiza kasanu pa sekondi.

Njira imene ndimaikonda ine ndi yosafuna laputopu n'komwe. Mnzanu akhale pa resepishoni, akuyimbireni pa WhatsApp, aziwerenga manambala mokweza osaleka, imodzi pa sekondi: 1, 2, 3, mpaka 100. Inu muziyenda. Mukamva 23 kenako 29, ndiye kuti pamalo amenewo mwataya masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Musanayambe zimitsani data ya simu khadi, apo ayi foni ithawira ku bandulo yanu ndipo mudzaganiza kuti zonse zili bwino.

Gawo lachiwiri: pakhomo pakhale mfumu imodzi

Apa ndi pamene ndimapeza vuto lalikulu pafupifupi paliponse. Rauta iliyonse yogula kusitolo imabwera itakonzedwa kuti izigawa yokha ma adiresi a IP, manambala amene chipangizo chilichonse chimadziwika nawo pa netiweki. Mukalumikiza zitatu osasintha kanthu, muli ndi midzi itatu, uliwonse ndi mfumu yake. Foni ikasamuka imayenera kupempha adiresi yatsopano, ndipo zonse zimene inkachita ndi adiresi yakale zimaduka.

Vuto limeneli ofufuza alimbana nalo kwa nthawi yaitali. Adiresi ya IP imagwira ntchito ziwiri pa kamodzi: imanena kuti ndinu ndani, imanenanso kumene muli. Mukasuntha, ziwirizi zimakangana. Mu 1996 bungwe la IETF, limene limakonza malamulo a kayendedwe ka intaneti, linatulutsa njira yotchedwa Mobile IP. Mmenemo chipangizo chimasunga adiresi yakwawo, ndipo kumudziko kumatsala makina otchedwa home agent amene amalandira zonse n'kumazitumiza kumene chipangizocho chili lero, ngati m'bale amene amakulandirirani makalata ku Dedza n'kumakutumizirani ku Kawale. Netiweki ya 4G nayo imasunga adiresi yanu pamalo amodzi pakati pa netiweki, n'chifukwa chake mu minibasi muja simuduka.

Pa loji kapena pasukulu simufunika zonsezo. Mungopanga kuti pasakhale kusintha adiresi. Siyani rauta imene imalandira intaneti kuti ikhale yokha yogawa ma adiresi. Zinazo lowani mu masetingi ake, sankhani Access Point Mode ngati ilipo, kuti rauta ikhale access point, yongofalitsa Wi-Fi osagawa ma adiresi. Ngati palibe, zimitsani DHCP (imene imagawa ma adiresi), ipatseni adiresi yakeyake yosasintha ya m'banja lomwelo, monga 192.168.1.2, ndipo waya wochokera ku rauta yaikulu mulowetse pa bowo la LAN osati la WAN.

Za waya ndinenepo pang'ono. Lumikizani marauta ndi kebulo ya Cat6 paliponse pamene mungathe, bola isapitirire mamita 100. Ma repeater, tizipangizo tobwereza Wi-Fi tongosomeka pa soketi, amagwiritsa ntchito wailesi imodzi pomvera ndi pobwereza, choncho liwiro limachepa pafupifupi ndi theka. Koma ngati kebulo ikudutsa panja kuchoka nyumba ina kupita ina, kumbukirani mphenzi za kuno m'dzinja. Ikani zotetezera mbali zonse ziwiri, kapena kokani fiber.

Gawo lachitatu: dzina limodzi

Marauta onse akhale ndi dzina limodzi la Wi-Fi, pasiwedi imodzi ndi mtundu umodzi wa chitetezo. Osati Loji1, Loji2, Loji3. Foni imaona mayina osiyana ngati netiweki zosiyana, ndipo imadikira yoyamba ifiretu isanalowe pa ina. Samalani zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo ngati ina ili pa WPA2 zonse zikhale pa WPA2.

Gawo lachinayi: siyanitsani ma channel, tsitsani mphamvu

Dzina likhale limodzi koma ma channel, timisewu timene Wi-Fi imadutsamo mumlengalenga, asiyane. Wi-Fi ili ndi magulu awiri odziwika, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Pa 2.4 GHz pali ma channel atatu amene salowererana: 1, 6 ndi 11. Rauta zoyandikana zipatseni osiyana, ndipo kukula kwa channel kukhale 20 MHz. Ngati muli ku City Centre kapena m'mashopu a ku Area 2 kumene aliyense ali ndi Wi-Fi yake, onani kaye pa pulogalamu ija kuti anansi anu adzaza pati. Pa 5 GHz malo ndi ambiri ndipo liwiro ndi labwino, koma simapyola bwino makoma athu a njerwa. Pa mapu anu muyeze magulu onse awiri.

Tsopano chinthu chimene eni malo ambiri amakana poyamba: tsitsani mphamvu ya marauta. Mayi a ku loji kuja anandiyang'ana modabwa nditanena izi. Taganizani za msonkhano pa bwalo. Amene ali pa nsanja ali ndi chimkuzamawu, inu muli kumapeto kwa bwalo mukumumva bwinobwino, koma mukayankha iye sakumvani. Rauta ili ndi mlongoti wabwino ndi magetsi okwanira, foni ili ndi kabatire ndi kamlongoti kobisika. Rauta ikamakuwa kwambiri, foni imaona mphamvu yambiri n'kumakakamira, chonsecho mawu ake safika. Mukaika Transmit Power pa Medium, makamaka pa 2.4 GHz, mphamvu imatsika msanga mukamachoka, ndipo foni imayamba kufunafuna kwina nthawi ikadalipo.

Musapyole muyeso. Mukatsitsa kwambiri mupanga maenje atsopano. Komanso marauta awiri akayandikana kwambiri ndi mphamvu yofanana, mafoni ena amangodumphadumpha pakati pawo. Sinthani chinthu chimodzi, yendaninso, lembani. Ndi ntchito yofuna kudekha, koma ndi imene imasiyanitsa mmisiri ndi wongopachika mabokosi.

Kumene mwaika rauta kulinso ndi kanthu. Ikhale pamwamba, poonekera, osati mu kabati kapena kuseri kwa TV. Musaiponye mu siling'i pansi pa malata, kumene kutentha kwa mu Okutobala kumaipha msanga.

Gawo lachisanu: yatsani zothandizira kusamuka

Mu 2003 ofufuza a ku University of Maryland anayeza nthawi imene chipangizo chimataya posamuka pa Wi-Fi, ndipo anapeza kuti yoposa 90 peresenti imathera pa kufufuza ma channel, kusaka kolowera. Mavuto ngati amenewa ndi amene anachititsa kuti pawonjezedwe malamulo atatu amene mungawapeze mu masetingi a zipangizo monga UniFi, Omada kapena ma mesh (marauta opangidwa kuti azigwira ntchito pamodzi) ambiri a masiku ano.

802.11k, ya mu 2008, imapatsa foni mndandanda wa ma access point oyandikana nawo kuti isamasake mwachimbulimbuli. 802.11v, ya mu 2011, imalola netiweki kuuza foni kuti uko kuli bwino kuposa kuno, ngakhale foni ingathe kukana. 802.11r, nayonso ya mu 2008, imafupikitsa kutsimikizira chitetezo pa access point yatsopano, ndipo zikayenda bwino kusamuka kumatha m'mamilisekondi osapitirira 50, moti khutu silimva kanthu. Ena amailemba kuti Fast Roaming kapena Fast Transition.

Yatsani k ndi v mosaopa. Pa r khalani tcheru, chifukwa zipangizo zina zakale, monga maprinta ndi timakina tolipirira ndi khadi, zimakana kulumikiza ikayatsidwa. Iyatseni madzulo kulibe makasitomala, yesani chipangizo chilichonse chimodzichimodzi. Chikakana, chipangireni dzina lina la Wi-Fi lopanda r. Dziwaninso kuti zitatuzi zimafuna ma access point amene amadziwana, kawirikawiri a kampani imodzi oyendetsedwa pamodzi. Ngati anu ndi osakanizasakaniza, magawo anayi oyambirira aja akuthandizanibe kwambiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: zimitsani magetsi dala

Ambiri amaika rauta yaikulu yokha pa inveta kapena pa sola. Magetsi akazima, ma access point enawo amafa, mafoni onse amathamangira pa imodzi yotsalayo, ndipo magetsi akabwera ambiri amatsalira komweko. Njira yabwino ndi switch ya PoE, imene imatumiza magetsi pa kebulo yomweyo ya netiweki. Mukaika switch imeneyo pa batire, zonse zimakhala zamoyo limodzi. Yesani pozimitsa swichi yaikulu ya nyumba, muone zimene zatsala zikuyaka.

Mukamaliza bwerezani ulendo wowerenga manambala uja, njira yomweyo, ndi mafoni awiri kapena atatu osiyana, kuphatikizapo yotsika mtengo imene antchito anu amagwiritsa ntchito. Yesaninso nthawi imene anthu adzaza, chifukwa matupi a anthu nawo amameza mphamvu ya Wi-Fi, chimodzimodzi masamba onyowa a mango m'nyengo ya mvula.

Ku Area 47 kuja tinazimitsa DHCP pa marauta awiri, tinawapatsa dzina limodzi, tinasuntha ya m'khonde ndi mamita anayi kuti ituluke kuseri kwa khoma la stoo, n'kutsitsa mphamvu ya ya pa resepishoni. Mayi aja anakhala pampando wawo akuwerenga, ine ndikuyenda mpaka ku chipinda chomaliza. Ndinaphonya nambala imodzi yokha, 41, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo ndinailemba pa mapu kuti ndidzaonenso mvula ikatha.