Achibale a malemu akulanda katundu: chitani izi

Mayi wina wa ku Lizulu wafunsa kuti: bambo a kunyumba amwalira, ndipo alamu ake atenga mbuzi ndi njinga, tsopano akufunanso nyumba. Ayambire pati?

Pepani mayi ndi zovutazi. Choyamba, musachoke panyumbapo. Mukangochoka, kubwerera kumavuta. Lembani katundu yense papepala, ndi amene watengedwa kale, wotenga ndi tsiku lake. Malisiti, makadi a kubanki ndi mapepala a malo kasungitseni kwa munthu wodalirika.

Kenako katengeni chiphaso cha imfa ku ofesi ya NRB, bungwe la boma la kalembera wa anthu, ku Ntcheu boma, poyambira ndi kalata ya amfumu ngati malemu anamwalirira kumudzi. Popanda chiphasochi, ndalama za kubanki kapena za penshoni sizituluka.

Kwa amfumu pitani ndi ankhoswe, koma musathere pomwepo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ngati palibe wilo, oyamba kupindula ndi mkazi ndi ana, aakazi ndi aamuna mofanana, ndipo ziwiya za m'nyumba zimatsalira mkazi wamasiyeyo. Kulanda ndi mlandu womangitsa. Mawu aja oti "ndi mwambo wathu" kukhoti sagwira.

Akakana kubweza, kanenani ku polisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Za kagawidwe ka chumacho kafunseni ku ofesi ya DC. Nkhani ikafika kukhoti ndipo mulibe ndalama za loya, a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu, alipo. Kulikonse muzipita ndi pepala lija.