Momwe mungathetsere phokoso la foni m'masipika

Aliyense amene anakhalapo pa chinkhoswe ku Mpondasi kapena ku Namwera amalidziwa phokosoli. Perekaniperekani ali mkati, sipika imangoyamba kuti "tititi, tititi, drrr", posakhalitsa foni ya wina n'kulira. Ambiri amathamangira kwa okonza poganiza kuti ampulifaya yayamba kupsa, ndipo zimandiwawa kuona komiti ya mpingo kapena ya mzikiti ikusonkha ndalama zokonzera makina abwinobwino.

Gwero lake ndi foni. Ikakhala pa netiweki yakale ya 2G imalankhulana ndi nsanja ya netiweki modukizadukiza, maulendo pafupifupi 217 pa sekondi. Waya wa maikolofoni amatola mphamvu imeneyo ngati eriyo, ampulifaya n'kuikweza pamodzi ndi mawu. Komwe netiweki ili yofooka foni imadzipanikiza mpaka mawati 2 kuti ifikire nsanja, n'chifukwa chake kumudzi phokosoli limaposa la pa boma.

Yambani ndi kutsimikiza. Yatsani makina, ikani foni pambali pa mikisa (chipangizo chosakanizira mawu chomwe mumalumikizako maikolofoni), wina aiyimbire. Phokoso likabwera nthawi yomweyo, mwalipeza vuto. Koma ngati mukumva kung'ung'uza kosalekeza kuti "mmmm" popanda woyimba foni, imeneyo ndi nkhani ya magetsi kapena jenereta, ndipo njira zili pansizi sizithandiza.

Kenako talikitsani mafoni. Mita imodzi kapena awiri kuchokera pa mikisa, ampulifaya ndi mawaya amakwanira nthawi zambiri. Pa zochitika zathu tebulo la DJ ndi limene limasanduka potchajira mafoni a mudzi wonse. Kanizani mwaulemu, muwakokere ekisitenshoni ina pakona. Abusa, a shehe kapena a MC asasunge foni m'thumba la pachifuwa, chifukwa mpamene maikolofoni amafika.

Kuika foni pa silent sikuletsa kanthu, imalankhulabe ndi nsanja. Ikani pa flight mode. Ngati nyimbo zikuchokera m'foni momwemo, zikopereni zonse mwambo usanayambe, ndiye mutseke netiweki. Yoti singatsekedwe, iikeni pa 4G pokha ngati m'dera lanu ilipo. Mafoni ambiri a mabatani amagwira 2G yokha, ndiye amenewo akhale kutali.

Phokoso likapitirira, onani mawaya. Waya wolumikizalumikiza ndi tepi, kapena wopyapyala wautali wodutsa tenti yonse, ndi amene amatola kwambiri. Gulani wa XLR, uja wa timano titatu, wokhala ndi chikuto cha waya mkati, ndipo akhale wamfupi momwe mungathere.

Chomaliza ndi ferrite, kachibulu kakuda kaja kamene kamakhala pa waya wa tchaja ya laputopu. Tilipo totsegula ngati kapanipani. Kapanikizeni pa waya pafupi penipeni ndi pamene akulowera mu ampulifaya, kenako muyimbirenso foni ija mumve ngati phokoso lachepa.