Musasiye kafayilo ka confounds polowetsa zithunzi za ubongo mu CONN

Chilimwe chino ndakhala ndikuona ntchito za achinyamata athu a zaumoyo kuno ku Mchinji amene akuphunzira kusanthula zithunzi za ubongo pa makompyuta awo, ndipo onse akupunthwa pa mwala umodzi. Akopera pa OpenNeuro, tsamba la pa intaneti losungira zithunzi za ubongo, zithunzi za fMRI (zoonetsa mmene ubongo ukugwirira ntchito) zodutsa kale mu pulogalamu yozikonza ya fMRIPrep, n'kuziponya mu CONN, pulogalamu yozisanthula, ulendo wokaona zigawo za ubongo zimene zikugwirira ntchito limodzi. Kafayilo kobwera ndi zithunzizo, kolembedwamo zosokoneza monga kusuntha kwa mutu, ka dzina lothera ndi confounds_timeseries.tsv, akukasiya pa intaneti pomwepo. Ukawafunsa amayankha kuti, "Koma bwana, fayilo ya zithunziyi yalembedwa kale preproc, kutanthauza kuti ndi yokonzedwa, ndiye tichotsemonso chiyani?"

Muli zambiri zoti muchotse. Pulogalamu ya fMRIPrep imangowongola zithunzi kuti mutu uoneke uli pamalo amodzi, n'kuziika pa muyezo wa MNI kuti ubongo wa anthu osiyana uthe kufanizidwa. Zinyalala, monga zobwera ndi kusuntha kwa mutu, imaziyeza n'kuzilemba m'kafayilo kaja, koma siizichotsa ayi. Ntchito imeneyo inasiyira inu.

Paja makina a MRI ojambula zithunzizi amangoyeza kusintha kwa okosijeni m'magazi a mu ubongo, kusintha kwake kochepetsetsa. Munthu ali chigonere m'makinamo amapuma, amameza malovu, mutu n'kusuntha mwina theka la milimita lokha. Mutu ukatero, malo ambiri pachithunzi amasintha nthawi imodzi, ndipo pulogalamu imawerenga kuti zigawozo zikumvana. Mu 2012 a Jonathan Power ndi anzawo a ku Washington University ku St. Louis anaonetsa kuti kusuntha kotereku kumachititsa zigawo zoyandikana kuoneka zolumikizana kwambiri, pamene zotalikirana zimaoneka ngati zatayana, ngakhale zithunzizo zitawongoledwa kale.

Tsono amasuntha kwambiri ndani? Ana, okalamba ndi odwala. Mukafanizira ana odwala ndi anzawo athanzi musanachotse zinyalalazi, mupeza kusiyana ndithu, mapu n'kutuluka ofiira bwino, koma chimene mwayeza ndi mwana amene analephera kugona phee. Apa mpamene pamandiwawa mtima. Ambiri a inu mukuphunzira zimenezi kuti mudzafufuze ubongo wa ana opulumuka malungo aakulu kapena a khunyu. Mukazolowera chizolowezi choipachi, mudzauza makolo ndi madokotala kuti ubongo wa mwana wawonongeka pamene sizili choncho. Miyezi ya ntchito imapita pachabe, ndipo wowunika kafukufuku wodziwa zinthu, funso lake loyamba limakhala lomweli la kusuntha kwa mutu.

Za bandulo musandiuzenso. Mumachezera usiku wonse kukopera fayilo ya zithunzi ya .nii.gz yolemera mamegabaiti mazanamazana, n'kusiya kafayilo kolowa m'kanthawi kochepa. Chilipo n'chakuti mukutsatirabe ndondomeko yotumizirana pa WhatsApp, imene wina analemba kalekale, osadzifunsa kuti sitepe iliyonse ikuchita chiyani.

Bambo ena olima mtedza cha kwa Mkanda anandisimbira zimene zinawaonekera chaka chatha. Anaswa mtedza wonse bwinobwino, matumba n'kusoka, poganiza kuti ntchito yatha. Kusankha anakulumpha, akuti dzuwa linali litapendeka ndipo ngolo inkadikira. Wogula atalasa thumba limodzi n'kuona njere zonyala ndi zachuku, anawabwezera katundu yense, wabwino yemwe. Bambowo analipira ngolo kawiri, n'kukakhala pamkeka ndi banja lonse kusankha njere imodziimodzi. Mtedza woswa ndi zithunzi zanu za preproc zija.

Zochita zake sizambiri. Koperani foda yonse ya munthu aliyense, osatola mafayilo amodziamodzi. CONN ili ndi njira yakeyake yolowetsera foda ya fMRIPrep, ndipo imatenga ma confounds pamodzi ndi zithunzi. Gwiritsani ntchito imeneyo. Onani kuti TR, nthawi ya pakati pa chithunzi chimodzi ndi chotsatira, ikufanana ndi RepetitionTime yolembedwa m'fayilo ya .json. Zithunzi zili kale pa MNI, choncho musazibwerezenso normalization (kuziika pa muyezowo), koma smoothing (kusalaza zithunzi) chitani kamodzi chifukwa fMRIPrep siichita. Pofika pa Denoising, gawo lochotsa zinyalala mu CONN, tsimikizani kuti pamndandanda pali miyezo 6 ya kusuntha kwa mutu, zithunzi zodumpha zoti zichotsedwe, white matter (mbali yoyera ya ubongo) ndi CSF (madzi a mu ubongo), ndipo sefa ikhale pa 0.008 mpaka 0.09 Hz monga CONN imaikira yokha. Kenako yang'anani galafu ya kulumikizana kwa malo a mu ubongo imene imatuluka pamenepo: nsonga yake izikhala pafupi ndi ziro. Ikapendekera kudzanja lamanja, musapitirire, bwererani pamndandanda uja. Munthu amene zithunzi zake zambiri zatayidwa mumuchotse m'gulu, ndipo mulipoti lanu mulembe kuti mwachotsa angati ndiponso chifukwa chake.