Kupenta bolodi ya choko pakhoma la kukhitchini

Ngati mukukonza khitchini, siyani kachigawo kakhoma mupakepo penti ya bolodi ija yakusukulu, muzilembapo zoti mukagule, kaya mchere watha kaya sopo. Koma osati pafupi ndi sitovu kapena mbaula, mafuta akafikapo choko sichigwira komanso fumbi lake lizigwera m'ndiwo.

Khomalo likhale losalala, kwechani ndi sandipepa, timabowo mutseke, kenako matani masking tape m'mbali kuti mzere uwongoke. Pakani ndi rola kawiri, penti yoyamba iume kaye. Apa ndiye ambiri amapupuluma, dikirani masiku atatu musanalembepo, kenako goneketsani choko mupake bolodi yonse n'kupukuta ndi kansalu kouma, apo ayi zomwe mwalemba koyambazo zizionekabe ngakhale mufufute bwanji.