Kasemedwe ka chithunzi chodinda choonetsa moyo wa asilikali pamsasa

Msilikali akakhala kunkhondo, nthawi yambiri amathera pamsasa akuphika, akuchapa, akusoka yunifolomu kapena akulemba kalata yopita kumudzi. Moyo umenewu ndi umene Winslow Homer, wojambula wa ku America, anaonetsa m'zithunzi zodinda za mu 1863, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ngakhale kuti zakezo zinadindidwa pamwala, osati pathabwa losema ngati mmene tichitire pano. Kuno ku Zomba, kumene kuli Cobbe Barracks ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles (gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), zinthu zoterezi zoti mujambule sizingasowe.

Pezani thabwa la paini, mulisalaze ndi sandipepa, kenaka mujambulepo ndi pensulo, mwachitsanzo asilikali atatu akuotha moto pafupi ndi tenti. Kumbukirani kuti chithunzi chidzatuluka chotembenuka, choncho ngati pali zilembo muzilembe chobwerera. Semani ndi tchizulo malo onse amene mukufuna kuti aoneke oyera, koma muzitsata mizere ya thabwalo, chifukwa paini amang'ambika msanga mukamasema mopingasa.

Mukatha, pakani inki pamwamba, yalanipo pepala, ndipo mulitikite ndi kumbuyo kwa supuni mpaka chithunzi chonse chitagwira. Inkiyo ikhale yochepa ndithu, poti ikachuluka imakwirira timizere ta nkhope.