Kakonzedwe ka tsiku la uphungu wa zamalamulo kumudzi

Ofesi yathu kuno ku Zomba ndi yaing'ono, maloya atatu ndi mlembi mmodzi. Achinyamata ongotuluka kumene ku Chanco amakonda kundifunsa kuti dzina la loya limamveka bwanji, poti ntchito yathuyi silola kuitanira malonda ngati wa kaunjika. Ndimawauza kuti apite kumudzi. Ndi kale lomwe lamulo la maloya la 2018 limafuna kuti tizigwirako ntchito yaulere tisanakonzetsenso laisensi, ndiye bola kuigwira moti anthu aone phindu lake.

Yambani ndi kwa amfumu. Pitani nokha, musatume kalata, ndipo tsiku asankhe ndi iwo. Ulendo wanga woyamba ndinadzisankhira Loweruka lina mu Disembala, mvula yodzalira itangogwa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango nditavala jekete, ndi agogo anayi okha, wina akuwodzera. Mudzi wonse unali kumunda. Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Seputembala, anthu atakolola. Tsiku la msika lipeweni, ndipo kukagwa maliro ingosinthani osanyinyirika.

Chingerezi cha kukhoti chisiyeni mu ofesi. Mukayamba kutchula ndime za malamulo, anthu amangogwedeza mitu mwaulemu koma osatolapo kanthu. Sankhani nkhani ziwiri kapena zitatu basi. Ine ndimayamba ndi chuma cha masiye, chifukwa ndiye chimadyetsa anthu mfiti. Ndimafotokoza kuti lamulo la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, komanso kuti wilo siya anthu olemera okha: ilembedwe, mwini wake asaine, mboni ziwiri zisainenso. Apa amayi amayamba kusendera kufupi, amalume ena nkhope zitagwa. Kenako za apolisi: belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo munthu akamangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Msonkhano wa pabwalo usapitirire ola limodzi. Zenizeni zimatuluka pambuyo pake, munthu mmodzimmodzi. Pemphanitu chipinda kusukulu kapena kutchalitchi, chifukwa mayi amene alamu ake amulanda munda sangalankhule alamuwo ali pompo. Ngati pa ofesi muli ndi loya wamkazi, mupite naye.

Tengani kope lachikuto cholimba. Lembani dzina, mudzi, nambala ya foni ndi dzina la amene akukangana naye. Lomalizali musaliiwale, pakuti mwina winayo ndi kasitomala wa ofesi yanu kale, ndipo simungaimire mbali zonse ziwiri. Musalonjeze kutenga mlandu uliwonse. Ine ndimatengapo iwiri kapena itatu yomwe ndingaifikitse kumapeto. Ina ndimailembera kalata yopita nayo ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, ndipo za omangidwa ndimalumikizana ndi a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo omwe amayendera ndende.

Za zithunzi, chonde achimwene ndi achemwali, musajambule nkhope ya munthu amene wabwera ndi vuto lake n'kukaika pa Facebook. Lipoti la ntchitoyo lembani bwinobwino, masiku ndi maola ake, musunge kuti mukapereke ku bungwe lathu la maloya la Malawi Law Society. Ikakwana nthawi ya laisensi mudzandithokoza.

Pasanathe masabata awiri muimbireni foni aliyense amene munamulemba m'kope muja, ngakhale amene munangomutumiza kwina. Mufunseni ngati anafika komanso zomwe anamuuza. Amene foni yake sikupezeka, tumizani uthenga kudzera kwa mlembi wa amfumu.